Nkhunda ya Abiti Daudi

Kwathu ku Chipangali, mkazi akati akupeta ndiye kuti lichero lili m'manja, mankhusu akuuluka ndi mphepo. Kupeta kwinaku, kwa singano ndi ulusi wa mitundumitundu, ndinakakuphunzirira kutali, ndili kale mayi wa mwana mmodzi, bambo a mwanayo titawaika m'manda.

Ndinachoka mango atayamba kupsa. Mwana wanga Thoko anali atangoguluka mano akutsogolo. Ndinamusiya kwa akulu anga a Enelesi ku Nabvutika, m'tauni ya Chipata, kumene ifenso tinkakhala chimwalirire bambo ake. Pa siteshoni sanalire. Anali kalikiliki ndi nzimbe imene alamu anga a Jere, amuna a Enelesi, anamugulira, akuiluma cham'mbali chifukwa kutsogolo kunalibe cholumira. Basi itatembenuka ndinamuona akupukuta manja pa diresi, maso ali pa nzimbe.

Za ulendowo ndimakumbukira zidutswa zokha. Mapiri a Chipata akubwerera m'mbuyo limodzilimodzi. Fungo la nsomba zouma pa mlatho wa Luangwa. Mayi wina amene anagona paphewa panga dziko lonse la Zimbabwe, osandifunsa n'dzina lomwe. Kwathu kuno dziko lonse la kumwerako timangoti Joni, koma ine Joni weniweniyo ndinangomudutsa. Ndinakatsikira ku Durban, kumene mpweya umamata pakhungu, ndipo ukanyambita milomo umamva mchere.

Ntchito ndinaipeza m'fakitale ina ya m'chipinda chapamwamba, mumsewu wa matelala. Munali makina aataliatali, okhala ndi mitu yambiri pamzere, ndipo mitu yonseyo inkagwedera pamodzi ngati nkhuku zojompha chimanga. Phokoso lake linali la matalala padenga la malata, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Tinkapeta mabaji a masukulu, mayina a makampani pa zipewa, mikango ndi anangula pa matumba a malaya. Ine poyamba ndinkangodula timaulusi totsalira ndi kasizasi. Dzuwa likalowa pazenera, fumbi la ulusi linkayandama m'kuwalako, lofiira, lachikasu, lobiriwira, ndipo ndinkaiwala kumene ndili mpaka kapitawo atandikuwira.

Tsiku lina singano inandilowa pachala, pafupi ndi chikhadabo. Ndinangoti, "Mayo ine!"

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu: "Iwe, ndiwe wakuti?"

Ululu unayamba wadikira. Panali patapita nthawi ndisanamve munthu akulankhula ngati munthu wa kwathu. Ndinatembenuka n'kuona mayi wamfupi, duku lofika m'nsidze, magalasi omangidwa ndi ulusi pamene anathyoka. Anali Abiti Daudi, a ku Mangochi. Anandigwira dzanja, n'kuzula kachidutswa ka singanoko ndi kopanira kamene tinkakokera ulusi, n'kumanga chalacho ndi kansalu.

"Ku Chipata? Ndiye ndiwe wa kuseri kwa nyumba yathu. Ukugona kuti?"

Sabata yomweyo ndinasamukira kumene iwo ankakhala. Chinali chipinda chachikulu pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo tinkagonamo akazi a ku Lesotho, a ku Mozambique, ndi ife awiri. Makoma athu anali zitenje zopachika pa waya. Chilichonse chinkanunkha mphira, ngakhale shuga. M'mawa kukachita nkhungu, zombo zinkalira kudoko ngati ng'ombe zazikulu zosochera, ndipo ine pakati pa tulo ndi kudzuka ndinkayesa ndili ku Chipangali, kuti wina waiwala kutsegula khola. Ine wa ku Chipata, wokulira nyama ya nkhumba, ndinaisiya popanda wondikakamiza, chifukwa Abiti Daudi anali achisilamu ndipo poto tinali naye mmodzi. Mwezi wawo wosala ukafika, masana ndinkakadyera kuseri kwa mitolo ya nsalu. Iwo ankandipeza komweko n'kuseka. "Idya poyera, amake Thoko. Njala ndi yanga, si yako."

Abiti Daudi sankagwira makina ngati ife. Malo awo anali pakona, pa kompyuta yotuwa ngati phulusa. Kasitomala akabwera ndi chithunzi, iwo ndi amene ankachisandutsa njira ya singano, kadontho ndi kadontho, apa ulusi ulowe, apa ukhote, apa usinthe mtundu. Akamaliza ankasunga ntchitoyo m'madisiki okhuthala, aakulu ngati chikhatho. Madisikiwo ankalowa m'kabokosi kabuluu kokhala pambali pa kompyuta, kolumikizidwa ndi chingwe chonenepa ngati chala. Kabokosiko tinkangokatcha dilaivu. Ukalowetsa disiki kankati khe, kenako n'kuyamba kung'ung'udza pansipansi ngati mphaka wokhuta.

Nthawi ya nkhomaliro anayamba kundiphunzitsa. Ine amene sukulu ndinailekeza panjira, ndinaphunzira kuyendetsa kamuvi pagalasi, kutsegula disiki, kutumiza chithunzi ku makina. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza ngati pemphero.

"Usanakhudze chingwe kumbuyoko, zimitsa zonse. Bwato sakwera likuyenda."

Tsiku lina anabwera abusa a mpingo wina wa m'tauni momwemo, akufuna nkhunda yotambasula mapiko pa mayunifolomu a kwaya. Abiti Daudi anaigwira ntchitoyo ngati akupeta nsalu ya ukwati wa mwana wawo. Nthenga iliyonse anaipatsa kolowera kwake, moti nsaluyo ukaipendeketsa padzuwa, mapikowo ankaoneka ngati akugwedezeka. Ndinawafunsa ngati kwawo ku mzikiti sangawadzudzule.

"Nkhunda ilibe mpingo," anatero, osachotsa maso pagalasi. "Kwathu zimatera pa mzikiti, zikakhuta n'kukatera kwa ansembe."

Sikuti zonse zinali zokoma. Panali nyengo zina pamene mumsewu munkatentha, eni dziko akusaka ife obwera. Bwana ankatseka chitseko chachitsulo masana, makina onse zii, ife titakhala pansi pakati pa mitolo ya zipewa, kumvetsera mapazi akuthamanga kunja. Pamenepo Abiti Daudi ankandinong'oneza za kwawo, ine n'kumawauza za misasa ya ku Chipangali, mmene masamba ake amatulukira ofiira mvula isanagwe. Mapaziwo akatha tinkadzuka, kusasa fumbi, n'kuyatsanso makina. Kumapeto kwa mwezi ndinkatumiza kangachepe kwa a Enelesi, ka sukulu ndi ka ufa. Chaka chikamatha ndinkapatsira madalaivala a basi katundu: sopo, mafuta odzola, ndi diresi la Thoko limene ndinkalipeta ndekha maluwa m'munsi ndi ulusi wotsalira.

Zaka zinadutsa ngati mmene nsalu imadutsira pansi pa singano. Maso a Abiti Daudi anayamba kuchita nkhungu. Poyamba ankayandikiza nkhope pagalasi mpaka mphuno kukhudza. Kenako anayamba kundifunsa, "Apa ndi pofiira kapena pa kofi?" Pomaliza ana awo anawaitanitsa. Ndinawaperekeza ku basi nditasenza chikwama chawo pamutu ngati kwathu, anthu a m'tauni akutiyang'ana. Pampando wawo wa pakona ndinakhalapo ine.

Sipanapite nthawi yaitali, bwana anagula makina atsopano, odya kafulashi kakang'ono ngati chikhadabo m'malo mwa madisiki. Zakale zonse anaziunjika pakhomo kuti zikatayidwe. Pamuluwo panali makina aang'ono a mutu umodzi amene tinkayesera zitsanzo, kompyuta yotuwa ija, dilaivu, ndi katoni ya madisiki. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Msana unali utayamba kale kundiuza kuti kwanu n'kwanu. Ndinapempha, ndipo bwanayo anangokweza mapewa.

Makinawo ndinawakulunga m'mabulangete anga onse. Dilaivu ndi katoni ya madisiki ndinaziika m'chikwama cha pamiyendo. Kompyuta inakwera m'ngolo ya kumbuyo kwa basi, ndipo kwinakwake m'njira mvula inapeza pobowoka pa tenti. Titafika ku Chipata ndinaipendeketsa, madzi n'kutuluka ngati m'chidebe. Sinadzukenso.

Chipata ndinamupeza atasintha zovala. Pamene panali tchire panali masitolo, ndipo njinga zamoto zinali ponseponse ngati ziwala. A Enelesi anali ndi imvi ndiponso udindo kutchalitchi. A Jere anali ndi minibasi yawoyawo yoyenda njira ya ku Chipangali. Ndiye panatuluka mtsikana wamtali kuposa ine, mano oyera ondondozana bwino, n'kundipatsa moni atapinda bondo, dzanja lina litagwira chigongono, monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka. Anali Thoko. Ankagwira ntchito pa kashopu ka mafoni kumsika, kusintha magalasi osweka ndi kuikira anthu nyimbo. M'mawa ankachoka ine ndisanamwe tiyi. Madzulo ankandifunsa ngati ndaswera bwino, ndipo ndikayankha nkhani inkathera pomwepo.

Makina anga anakhala pakona pabalaza, atafunditsidwa nsalu, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Popanda kompyuta anali ngati munthu wamanja abwino koma wosauzidwa chochita. Aneba ankabwera kudzasuzumira. Ndinamva wina akunong'ona pampopi kuti ena amabwera ku Joni ndi galimoto, ena ndi chitsulo. Tsiku lina a Jere anakhala pansi, n'kuvula kapusi.

"Alamu, musandimve molakwa. Mvula ili pafupi, feteleza akufuna pokhala. Pali anyamata ogula zitsulo, amalipira bwino ndithu zikakhala zolemera chonchi."

A Enelesi anayang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi anakambirana kale. Sindinawakwiyire. Nyumba inali yawo, ndipo anandilerera mwana.

Lamulungu lotsatira, amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu ankadandaula kuti akupita ku msonkhano wa makwaya ndi mabulauzi oyera opanda chizindikiro chilichonse. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ine ndili ndi nkhunda." Pofika Lachiwiri mabulauzi onse anali pabedi panga, atapindidwa bwino, akununkha sopo. Ndinawayang'ana. Nkhundayo inalipodi, koma inali m'disiki, ndipo disikiyo inalibe pakamwa polankhulira.

Madzulo ake ndinamudikira Thoko pakhonde, dilaivu ili pamiyendo.

"Mwanangu, tandionera ichi."

Anakatembenuza kabokosiko uku ndi uku, n'kutulutsa laputopu yake m'chikwama. Anatenga mutu wa chingwe chija, wotambalala, wa timano tambirimbiri, n'kuuyendetsa m'mbali monse mwa laputopuyo. Panalibe pamene ukanalowa.

"Amama, ichi ndi cha makedzana. Makompyuta a masiku ano alibe polowetsa potere. Pakufunika yakale, ya bokosi lalikulu, yokhala ndi polumikizira pulinta ya kale ija."

"Ingapezeke kuti?"

Anasisita timano tija ndi chala. "Kwa amalume ku Chipangali. Ili m'shedi ya kalabu ya alimi. Ndili mwana tinkaikhalira."

Loweruka tinakwera minibasi ya a Jere, ine ndi Thoko kutsogolo. Kunali kotentha, kumwamba kuli mbuu ndi utsi wa tchire. Misasa inali itatulutsa kale masamba ake ofiira, ndipo ine ndinkangoiyang'ana ngati munthu amene anauzidwa nthano kenako n'kuipeza itaima m'mbali mwa msewu. Tulo tinkabwera n'kupita. Nthawi ina ndinatsegula maso n'kuona utawaleza waung'ono ukuyenda pa tsaya la Thoko, kukwera pamphumi, kutsikira pakhosi. Ndinayesa ndikulota. Nditatsata kumene unkachokera, ndinaona chimbale chonyezimira chikulendewera pa galasi la dalaivala, chomangidwa ndi ulusi wa saka. Chinatembenuka, ndipo ndinaona zilembo za dzanja la Abiti Daudi.

"Alamu, chimbalechi munachitenga kuti?"

"M'katoni yanu ija. Ndinkayesa ndi nyimbo za ku Joni, koma sichiimba. Ndiye ndinati chizikongoletsa."

"Chimenechi ndi chimene chimadziwitsa kompyuta za dilaivu ndi za makina. Popanda ichi sizingamvane."

A Jere anaimitsa galimoto pomwepo, anthu kumbuyo akudandaula. Anachimasula ndi mano, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupereka mwana wakhanda. Thoko anatembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka. Aka kanali koyamba kumuona akuseka chibwerere.

Mchimwene wanga a Lameki anatitsegulira shedi. Kompyutayo inali kuseri kwa matumba a nshawa. Inabwera ndi anthu ena a chitukuko amene anapita kalekale, ndipo chichokere iwo palibe anaiyatsa. Mavu anali atamanga kanyumba kadothi pambali pake. Thoko anagwada, n'kuitembenuza, n'kupukuta kumbuyo ndi chala. Polowetsa paja panalipo, potambalala, pa timabowo tambirimbiri.

"Tengani," anatero a Lameki. "Ikakagwira ntchito, mudzandipetere dzina pa chipewa."

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi tinayala mphasa pabalaza. Thoko anamasula chivundikiro, ine n'kumapemerera fumbi ndi chikatoni, iye akuchotsa zoyanga za akangaude ndi nthenga ya nkhuku. Kenako tinapeza kuti pulagi ya dilaivu ndi ya ku Joni, ya miyendo yozungulira, pamene mabowo a pakhoma pathu ndi a makona. Thoko anaidula, n'kuikapo ya ayironi yakufa ya a Enelesi. Atamaliza anayatsa kompyuta kuti aone ngati ili moyo. Inakhosomola, n'kulira kamodzi, galasi n'kuyera pang'onopang'ono ngati kukucha. Pomwepo anatenga chingwe kuti alowetse.

"Zimitsa kaye," ndinatero. "Bwato sakwera likuyenda."

Anandiyang'ana modabwa. "Bwato la kuti, amama, ku Chipata kuno?"

Komabe anazimitsa. Chingwecho chinakana kulowa. Titayang'anitsitsa tinaona kuti kadzino kamodzi kanapindika paulendo. Thoko anati kakathyoka ndiye zatha. Ndinatenga kopanira kanga ka ulusi, iye atagwira mutu wa chingwe ndi kuunika ndi foni, ndipo ndinakawongola pang'onopang'ono, ndikugwira mpweya. Mitu yathu inagundana. Tsitsi lake linkanunkha mafuta amene sindinkawadziwa. Chingwe chinalowa, ndinamanga timasikuluwu take tiwiri ta m'mbali ndi zala, n'kulumikiza dilaivu kumagetsi. Kanyali kake kobiriwira kanayaka.

Tisanayatse kompyuta, magetsi anazima.

Panalibe chochita koma kudikira. A Enelesi anali ku msonkhano wa amayi, a Jere ali pamsewu. Tinakhala pamphasa titatsamira khoma. Kunja nyenje zinkalira, ndipo dzuwa lolowera pa kabowo ka malata linajambula kandalama pansi. M'kuwalako munkayandama fumbi la ku Chipangali limene tinapemerera lija. Ndinayamba kusinza.

"Amama," anatero Thoko, "madiresi aja munkayezera pa ndani?"

"Pa iwe."

"Pa ine wa liti?"

Tulo tonse tinathawa. Iye sankandiyang'ana. Ankapota kachidutswa ka waya pa chala.

"Onse anali aang'ono. Chaka ndi chaka. Amayi aakulu ankati tisakuuzeni, mungadandaule muli kutali. Ankandiveka, zipi kumbuyo osatseka, n'kundijambula chakutsogolo kuti tikutumizireni chithunzi. Tikatero ankalipereka kwa ana a kutchalitchi. Pa Khirisimasi theka la Sande sukulu linkavala maluwa anu. Ine ndinkangowaona akudutsa."

Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu amene akufotokoza njira ya kumudzi wina. Zithunzizo ndinali nazo zonse, ndipo ndinkazidziwa ngati chikhatho changa: mwana ataima chilili, manja atawapanikiza m'mbali, osamwetulira. Ine ndinkayesa ndi manyazi a kamera. Ndinangotambasula dzanja n'kugwira phazi lake, chifukwa ndi limene linali pafupi. Sanalichotse.

Patapita kanthawi anati, "Nanga inuyo munkakhala bwanji kumeneko?"

Chibwerere, anthu ankandifunsa mitengo ya zinthu ku Joni, ndi ngati kuli ntchito za ana awo. Funso ili linali lisanabwere. Ndinayamba ndi zombo zolira m'nkhungu. Ndinamuuza za shuga wonunkha matayala, za chitseko chachitsulo, za mayi wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi, mwini wake wa mwambi wa bwato. Kandalama ka dzuwa kaja kanayenda pansi, kukwera mwendo wa tebulo. Ndinali pakati pofotokoza mmene nyanja ya mchere imabwerera m'mbuyo n'kusiya mchenga ukuwala, pamene firiji ya a Enelesi inadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Thoko anayatsa kompyuta. Anapukuta chimbale chija ndi kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita kunja, n'kuchilowetsa. Chinazungulira, kukakamira, kuzunguliranso, kenako galasi linayamba kufunsa mafunso. Iye ankawerenga, ine n'kumakumbukira pamene Abiti Daudi ankadina. Itamaliza inapempha kuti izime n'kuyakanso. Inayaka. Tinayang'ana pamene pamaoneka madisiki, koma dilaivu panalibe.

"Sikuiona," ndinatero. Maso anga anapita ku chitseko cha kuchipinda, kumene kunali mabulauzi.

"Dikirani." Anafufuza pafoni yake nthawi ndithu, milomo ikuyenda. Kenako anayatsanso kompyuta akudinadina batani limodzi, mpaka panatuluka tsamba labuluu lodzaza Chingerezi, limene ine ndinali ndisanalionepo. "Polowetsa paja anapatchera kuti pazingotumiza mawu ku pulinta. Sipamva zobwerera. Tipauze kuti pazimvanso."

Anasintha mzere umodzi, n'kusunga. Kompyuta inazima n'kudzukanso. Ulendo uno, pansi pa zilembo zakale, panaoneka chilembo chatsopano ndi kachithunzi ka kabokosi.

Disiki yoyamba inalowa n'kuyamba kugogoda, kho, kho, kho, osatseguka. Yachiwiri chimodzimodzi. Chinyezi cha ku Durban chinali chitazidya. Ndinapukuta manja pa chitenje n'kutenga ina, ya pepala lachikasu. Inati khe. Kenako kung'ung'udza kuja, pansipansi, kwa mphaka wokhuta. Mayina anatsika pagalasi ngati anthu otuluka m'basi: masukulu a kutali, mikango, anangula. Chakumunsi kunali nkhunda.

Kulumikiza makina ku kompyuta sikunavute, chifukwa kumeneko ndi kwanga. Ndinachotsa maluwa apulasitiki, kudontheza mafuta, kupisa ulusi, n'kukunga kansalu koyesera pa mkombero. Nditadina batani, matalala anayamba kugwa m'nyumba ya a Enelesi. Ana a aneba anadzaza pazenera. Thoko anagwada pafupi, akuona mutu wa nkhunda ukutuluka pansalu yopanda kanthu, kenako khosi, kenako phiko loyamba.

"Mayi ajawa ali moyo?" anafunsa mokweza, kuti ndimve.

"Ali moyo, koma saona."

"Nambala yawo muli nayo?"

Anaimba pafoni yake. Inalira nthawi yaitali. Anayankha mdzukulu, kenako tinamva mapazi, chitseko, nkhuku, ndipo pamapeto pake mawu aja, atakalamba pang'ono.

"Ndani?"

Ndinatenga foniyo n'kuiyandikiza pa makina.

"Amake Thoko," anatero Abiti Daudi. "Ako ndi kamutu kamodzi kaja koyesera zitsanzo."

"Ndi komweko, Abiti. Kali ku Chipata. Kakupeta nkhunda yanu."

"Nkhunda yanga ndi singano yobuntha choncho? Sukumva mmene ikubayira ngati ikukhoma msomali? Imitsa, usandiwonongere nthenga."

Thoko anagwa chagada pamphasa ndi kuseka. Ndinaimitsa makina, misozi ikundilepheretsa kuona kasikuluwu ka singano, mpaka iye anadzuka n'kundimasulira. Ndinamuonetsa mbali imene singano yatsopano imayang'ana, ndipo anailowetsa yekha.

"Akusekayo ndani?"

"Ndi Thoko."

"Wa madiresi uja? Mpatse moni. Yatsa timve."

Ndinayatsa. Phokoso linasinthadi, linakhala lofewa, ngati mvula imene yakhazikika.

"Eyaa," anatero. "Tsopano ndi iyeyo. Ili pa phiko lachiwiri, eti? Usadule. Ndimvereko pang'ono."

Ndinayang'ana Thoko, chifukwa foni inali yake ndipo ku Mangochi ndi dziko lina. Iye anangoitenga m'manja mwanga, n'kuitsamiritsa pa chikoni cha ulusi woyera, pafupi ndi singano. Tinakhala pansi tonse awiri. Palibe analankhulanso, kuno kapena uko, mpaka nkhunda inamaliza mchira.